Amama amamwa chidulo m'mawa uliwonse

Mwaswera bwanji nonse. Musadzidzimuke, amama ali bwino tsopano, koma m'mawa uno agwa kudimba kwawo ku Sinda. Aneba atandiimbira ndinathamangirako kuchokera ku Katete, tawatengera kukiliniki.

Anesi atafunsa zimene akudya, m'pamene zinaululika. Munthu wina m'basi anawauza kuti chimene chimakalambitsa munthu ndi asidi wa m'thupi. Basi amama anasiya nyama, mazira, ngakhale tomato wa m'dimba lawo lomwe. Ndipo kuti asidiyo athe, m'mawa uliwonse amamwa kapu ya chidulo, madzi a phulusa omwe aja timathira m'therere! M'kamwa mwachita kusupuka. Anesi akuti chidulocho asiyiretu, thupi limadziwongolera lokha, chawagwetsa ndi njala.

Ndisaname, amamawo ndinawakalipira. Iwo anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Mwanawe, sindikufuna nkhope yosalala ayi. Koma ndikakalamba msanga, dimba lija adzathirira ndani? Nonse muli kutali."



Pano adya phala ndi dzira, agona. Chidulocho ndataya.

Nanga funso lawolo, abale, tiwayankha bwanji?