Nkhanga za Mayi wa ku Tegeta

Bambo anga atchedwa wakuba. Munthu wa imvi mbuu, amene sanatolepo ngakhale singano ya mwini, wakhazikidwa pansi pa dothi mudzi wonse ukumuloza chala. Amene anachititsa zimenezi akadali pakhonde pake kuno ku Kariakoo, akumwa khofi, miyendo ili piringizepiringize. Ndikulembera inu abale akwathu amene muli muno mu Dar es Salaam kuti mumve momwe zinayendera, asanakunamizeni ndi lilime lake lozuna lija.

Ine ndine Yusufu, ndimagulitsa nsalu kuseri kwa msika. Bambo anga, Che Bwanali, anachokera ku Namwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Diso lamanzere linachita ng'ala kale, ndipo dokotala anati lamanja nalo likutsatira. Pa unyamata wawo anali mlenje wodziwika. Atamva mawu a dokotala sanadandaule. Anangoti, “Yusufu, ndikadawombako nkhanga kamodzi kokha diso ili lisanatseke.”

Mwana wanji angakane?

Ndiye ndinapita kwa Bwana Kombo. Ambiri mumamudziwa, wa kaofesi kokhala ndi thabwa lojambulidwa nkhanga pakhomo uja. Anandilandira ngati mlamu wake. Anati iye wakhala akuperekeza azungu kokasaka kuyambira ufulu usanabwere, ndipo tsopano poti azungu akupakira katundu, ndi nthawi yoti ife eni khungu tidyerere. Galimoto ndi yake, mfuti ndi yake, chiphaso cha boma akonza yekha. Anati ali ndi tchire lake kupitirira Tegeta, ndipo nyengo ya mvula ino nkhanga zimakhala zonenepa. Anawonjezera kuti iye nkhanga sazifunafuna, amachita kuziitana. Anatchula mashilingi makumi asanu ndi limodzi. Ine wamalonda wa pa Kariakoo, amene ndimakangana ndi munthu pa senti imodzi, ndinapereka osanenerera.

Tinapangana kuti atitenge tikangomaliza swala, pemphero lathu la m'bandakucha. Bambo anavala mkanjo wawo woyera, nanola mpeni, nakhala pakhomo. Dzuwa linatuluka. Amayi ogulitsa mandasi anadutsa, nabwereranso madengu ali opanda kanthu. Kenako ndi uyo Kombo, akutafuna, ati galimoto inali ndi chifuwa. Chifuwacho tinachiona tokha. Tisanatuluke n'komwe mu tauni inazima, ndipo ine ndi bambo anga, ndi ukalamba wawo wonsewo, tinatsika kukakankha m'matope iye ali phee pa chiwongolero. Kodi azungu akewo ankakankhanso?

Pa msewu wa ku Bagamoyo anaimanso kuti amwe tiyi. Pamene tinkafika, dzuwa linali litakwera ndithu. Bambo sadziwa Chiswahili, choncho zonse zinkadzera mwa ine. Anati, “Umufunse, nkhanga amasaka dzuwa lili pamutu?” Kombo anaseka, nati ndiwauze mzee, kutanthauza bambo, kuti mbalame za kunyanja yamchere n'zosiyana ndi za ku Nyasa, zimadzuka mochedwa.

Tchire lake lija linali malire a munda wa khonje. Uku chinangwa, uku mitengo ya mbibu, kutsogolo ngole zingapo. Utsi unkaoneka, ndipo kwinakwake munthu ankasinja. Bambo anaima natchera khutu. “Kodi kuno si kumudzi kwa anthu?” Kombo anati mudzi uli kutali, kungoti mvula ikagwa phokoso limayenda. Anatikhazika kuseri kwa chulu, napatsa bambo mfuti.

Kenako anatulutsa chitini m'thumba. Munali mapira. Anayamba kuchigwedeza, kwinaku akuitana ndi kamawu kakang'ono, kopyapyala, kachizimayi. Sipanapite nthawi, nkhanga zinatuluka m'chinangwa. Sizinkazemba, sizinkasuzumira. Zinkathamanga, molunjika kwa ife.

Bambo anatsitsa mfuti. “Yusufu, nkhanga ya m'tchire sithamangira munthu.”

Ndinamuuza Kombo. Iye anati limenelo ndiye luso limene ndalipira, ndipo azungu ankachita kumupempha kuti awaphunzitse. Anagwira bambo paphewa, akunong'ona, “Piga, mzee, piga.” Ankatanthauza kuti bambo awombe. Anati zikabalalika sizibweranso, ulendo wathera pomwepo. Bambo ndi diso lawo limodzi ankangoona zotuwa zikuyenda. Anatchula Bisimilla, dzina la Mulungu, nawomba. Zinagwa ziwiri.

Mukudziwa mwambo wathu. Mbalame ikagwa ikadali ndi moyo, suima n'kumaombera m'manja, umathamanga kukaizinga. Bambo anathamanga ngati mnyamata, ndipo kunena zoona mtima wanga unasangalala kuwaona choncho. Anagwira yoyamba, naitembenuzira ku Kibula kumene timayang'ana popemphera, naponda phiko kuti azinge. Pomwepo anaima. Anapapasa phikolo ndi zala. Nthenga zinali zodulidwa ndi lumo, mzere umodzi. Kumwendo kunali kansanza kofiira komangidwa bwinobwino.

Anazinga zonse ziwiri, chifukwa zinkavutika. Atamaliza sananyamule. Anakhala chogwada, mpeni uli m'manja, nati, “Izi ndi za munthu.”

Mwini wake anali atafika kale kumbuyo kwathu. Mayi wowonda, wofunda chitenje kumutu, akunjenjemera ndi malungo. Dzina lake tinalimva pambuyo pake, Bi Mwanaisha, wamasiye. Tsiku limenelo sanapite kumunda chifukwa chodwala, ndipo ali chigonere anamva munthu akuitana nkhanga zake ndi kaitanidwe kake komwe. Anaziona zili gone m'magazi, nakuwa. Anthu anatuluka m'chinangwa, m'ngole, kulikonse, ena ndi zikwanje. Mudzi wakutali uja unali kuseri kwa mitengo ya mbibu.

Ndinacheuka kuti Kombo afotokoze. Anafotokozadi. Ndi makutu angawa ndinamumva akuuza anthu kuti iye anamuletsa mzee wa ku Nyasayu koma sanamve, ati anthu a kumeneko akaona nyama mutu umasokonekera. Kenako anatenga mfuti yake, nati akukaitana balozi, mkulu wa nyumba khumi, kuti nkhani ikambidwe mwamtendere. Galimoto ya chifuwa ija inalira kamodzi kokha. Sinafune wokankha.

Tinatsala awiri pakati pa anthu. Anatitengera pansi pa mtengo wa mango natikhazika pa dothi. Wina anagwetsa chisoti cha bambo ndi ndodo, ana n'kumaseka. Bambo anandiuza kuti ndiziwamasulira chilichonse, ndisabise. Ndinayesa kufewetsa, koma liwu loti mwizi, wakuba, silinafune womasulira. Analimva okha, mobwerezabwereza.

Balozi anabwera yekha, atamva phokoso, osati kuitanidwa ndi Kombo. Pamenepo Bi Mwanaisha anafotokoza. Nkhangazo anaziswetsa yekha, mazira anachita kufungatiritsa nkhuku. Ino ndiyo nyengo yake yoikira, ndipo mazirawo ndi amene amadyetsa ana ake. Zimene bambo anawombazo zinali zazikazi zonse. Anati aka sikoyamba. Nkhanga zake zakhala zikusowa iye ali kumunda, ndipo ankaganiza kuti ndi afisi kapena ana a anansi, mpaka anayambana ndi mnzake wa nyumba yoyandikana. Ndiye funsani nokha, luso la Bwana Kombo analiphunzira kuti? Anabisala kangati m'khonje kumvetsera mayi wamasiye akuitana ziweto zake?

Ndinalipira zimene balozi anagamula. Anati popeza talipira, nyama titenge. Bambo anakana. Anati Bisimilla sayeretsa chinthu cha mwini, ndipo nyama imeneyo siilowa m'nyumba ya mwana wawo. Anaima pamaso pa mayi uja, napepesa mu Chichewa, mawu ambiri, manja ali pachifuwa. Mayiyo sanamve ngakhale limodzi, ndipo pamene ndinkayamba kumasulira anali atatembenuka kale. Tinabwerera pa lole ya makala.

M'mawa mwake ndinali pa khonde la Kombo. Anandipatsa moni ngati tinasiyana bwino. Ndinamufunsa chifukwa chimene anatithawira. Anati anakafuna balozi koma anasochera. Munthu wa tchire lake yemwe, kusochera? Ndinamufunsa za nkhanga zoweta. Anati kodi sindinalipire kuti mzee awombe nkhanga, nanga sanawombe? Anati mbalame siyenda ndi pasipoti, iye angadziwe bwanji ya mwini. Ndinati nanga chitini cha mapira? Anati chimenecho ndi chinsinsi cha ntchito.

Nditatchula za polisi, anatsitsa kapu yake pang'onopang'ono. Anati ndipite, koma ndikumbukire kuti chala chimene chinakoka mfuti si chake. Chiphaso chija? Anati anaiwala kukatenga. Ndiye kuti bambo anga anawomba opanda chilolezo, m'dziko la eni. Anandiyang'ana m'maso nati masiku ano mlendo wanzeru amayenda mwakachetechete. Pomaliza, mwa chifundo chake, anati adzatitenganso ulendo wina pa theka la mtengo.

Ndinachoka msanga. Ndikadakhala kanthawi kena ndikadachita chinthu choti ana anga adzachite nacho manyazi.

Ndalama ndilibe nazo ntchito, adye. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Nkhani inafika ku Kariakoo ndi malole a makala omwe aja, ndipo inafika momwe Kombo anaikonzera. Lachisanu tikutuluka mu mzikiti, anyamata ena kumbuyo kwathu anayamba kuitana nkhanga ndi timawu tachizimayi, n'kumaseka mobisa. Bambo sanacheuke, koma anamva. Kwathu ku Namwera iwo ndi amene amaitana anthu ku swala, ndipo shehe wa kuno anawapempha kuti tsiku lina aitaneko, mwa ulemu wa mlendo. Tsopano akana. Akuti munthu amene akutchedwa mwizi sangakwere pamwamba kuitana anzake kwa Mulungu.

Ndawauza kuti anthu a nzeru akudziwa choona. Andiyankha kuti anthu a nzeru sanalipo pansi pa mango paja. Ndawauza kuti abwerere kumudzi akapume. Akuti amalonda akwathu amapita ndi kubwera mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani ikafika iwo asanafike, akatsika basi ngati ndani? Ndimawaona akuchepa m'maso mwangamu, ndipo zimandipweteka kuposa mmene ndingalembere.

Choncho abale anga, wina akakuuzani kuti amaitana nkhanga za m'tchire n'kubwera, mufunseni kuti mwini wake ali kuti. Mlendo wanu musamupereke m'manja mwa munthu ameneyu, kaya akutsitsireni mtengo chotani. Amene munapitapo naye n'kubwera ndi nyama, mukudzidziwa. Pitani ku Tegeta mukaonane ndi mayi uja.

Ndipo inu Bwana Kombo, ndikudziwa alipo amene akuwerengereni izi. Ndikufuna chinthu chimodzi. Lachisanu likubwerali mudzaime pakhomo pa mzikiti anthu akutuluka, munene ndi pakamwa panu kuti bambo anga anatsitsa mfuti, kuti anakayika, kuti ndinu munawagwira paphewa. Munene mu Chiswahili kuti onse amve, ine ndidzawamasulira. Tikatero tikwere tonse basi ya ku Tegeta mukabwerezenso pamaso pa Bi Mwanaisha. Kodi zimenezi n'zolemera kuposa kuthawitsa galimoto?

Bambo sakudziwa kuti ndalemba izi. M'mawa uno ndinawapeza atavala, ndodo ili m'manja, akufunsa mkazi wanga kumene amakwerera basi ya ku Tegeta. Ndinawafunsa kuti akukatani, poti tinalipira kale. Anati, “Sanamve zimene ndinanena. Undiphunzitse mawu ake mu Chiswahili, ndikanene ndekha.”