Doña Nicasia ndi Tiyi Wotchedwa Leveni

Ndinayamba kuwaona Doña Nicasia Ajata pamalire a dziko lathu ndi Chile, dzuwa litangotuluka, ataima pambali pa basi, dzira lowiritsa lili m'kamwa, lina akulisenda. Kunkazizira mpaka zala kuuma, koma iwo ankangozungulira pakati pa anthu ngati mwini phwando. Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa chipewa chopendekeka ndi masiketi osanjikiza. Aliyense wonyamula chakudya ankamuuza kuti atulutse tidye pompo, chifukwa tsidya linalo salola kulowetsa tchizi, zipatso kapena nyama yofutsa.

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Unali ulendo wanga woyamba kutuluka mu Bolivia. Mwamuna wanga Fermín ndiye ankapita ku Iquique, mzinda wa kugombe ku Chile, kukaoda mabulangete, ine n'kumagulitsa pa benchi yathu mumsika ku Oruro. Atamwalira, benchi inayamba kuyera. Alamu anga ananena pamaso pa abale kuti munthu wamanyazi ngati ine sangathe ulendo wa kunja, kuli bwino ndiwasiyire benchiyo. Ndinadziwa kuti ndikabwerera chimanjamanja, benchi yapita. N'chifukwa chake ndinamanga kamba wa ulendo wonse m'nsalu yoberekera, kuti ndisakatsegule pakamwa kupempha kanthu kwa munthu wosamudziwa.

Doña Nicasia anasuzumira m'nsalumo n'kuseka. "Mamita, mukupita kukaoda kapena kukatsegula lesitilanti? Bwerani nazo kuno."

Posakhalitsa nyama yanga inali m'manja mwa dalaivala, maapozi ali kwa amayi a pampando wakumbuyo. Ndinalowa m'dziko la eni ndi nsalu yopindapinda.

Basi itayamba kutsetsereka kulowera kunyanja, anasinthana mpando ndi bambo wina n'kudzakhala pafupi nane. Sanandifunse zambiri, anayamba kusimba zawo. Anakulira mumsika, akuthandiza amayi awo kugulitsa phala lotentha la chimanga chakuda. Mwamuna wawo anali wa mumgodi, chifuwa chinamutenga ana anayi akadali aang'ono, ndipo iwo anayamba kuwoloka malire mwana wotsiriza ali kumbuyo. Anagonapo pamwamba pa mitolo m'madepoti, dzanja lina litagwira chingwe cha katundu. Ku Tacna, m'dziko la Peru, anapatsidwapo bedi likadali lofunda thukuta la amene wangodzukapo, iwo n'kungotembenuza matiresi, akuti kufundako kunali basela. Ku Argentina anawaikira nyama yaikulu ngati nsapato ya msilikali, yopanda ndi msuzi womwe, ndipo analowa kukhitchini kukafunsa ngati madzi anatha m'dzikomo. Ankasimba zonsezi akuseka, akusisita mawondo awo otupa.

Ku Iquique ananditengera kunyumba yogona alendo ya señora Gladys, mayi wamtali, wowonda, wolankhula mothamanga ngati akuthawa mawu ake omwe. Ine anandipatsa kachipinda ka kumsewu, kopanda zenera. Doña Nicasia anali ndi chawo cha kuseri, choyang'ana pabwalo pomwe pali mtengo wa mandimu, chimene ankagonamo chiyambire nthawi ya amayi ake a Gladys. Pondipatsa kiyi, mwini nyumba anati chipindacho chimayendera limodzi ndi kakapu ka tiyi m'mawa komanso chakudya chimene anachitchula kuti once.

Kwathu once ndi nambala basi, leveni. Choncho m'mawa mwake ndinasiya mabulangete ndisanasankhe n'limodzi lomwe, n'kubwerera kunyumbako kuti leveni koloko indipeze patebulo. Ndinapeza tebulo lopukutidwa bwino, mphaka atagona pampando. Ndinakhala, manja pamiyendo. Señora Gladys anadutsa ndi dengu la zochapa, anandiyang'ana, anandimwetulira, n'kupitirira. Ndinati mwina ndachedwa. Madzulo ndinamva makapu akulira, fungo la buledi wootcha likulowa pansi pa chitseko, anthu akuseka, koma ndinati chimenecho n'chakudya cha eni nyumba. Ndinamwa madzi n'kugona.

Tsiku lotsatira ndinafika patebulo mofulumirirako. Mphaka yemwe uja. Ndinayesa kupita kumalo odyera apafupi, koma woperekera zakudya anandilakatulira mayina a zakudya mwaliwiro, ine n'kumuthokoza n'kutuluka. Ndinagula buledi mmodzi m'sitolo pongoloza ndi chala. Pofika koodera, mabulangete abwino anali atasankhidwa kale ndi amene sankathamangira tebulo lopanda kanthu, ndipo mutu unkazungulira. Pobwerera ndinadzera kudepoti, ndinaima pakhomo ndikuyang'ana mabasi a ku Oruro. Mumtima ndinati kapena alamu ananena zoona.

Madzulo amenewo chitseko changa chinagogodedwa ndi phazi. Anali Doña Nicasia, manja onse atanyamula mwala wosalala waukulu ngati mbale, kamwala kena kali m'thumba la epuloni. Anafunsa chifukwa chimene sindinkaonekera pa once, kapena ndinkasala kudya. Ndinawauza motsitsa mawu kuti ndakhala ndikupita leveni koloko yeniyeni koma sindikupeza kanthu.

Anaika mwala pabedi kuti aseke bwino. Anaseka mpaka chipewa kugwa.

"Iwe mwana wa ku Oruro, leveni ya kuno imakwana dzuwa likamalowa. Ndi dzina la tiyi wamadzulo chabe. Usafunse chifukwa chake, eni akenso sadziwa."

Anati nawonso anagwa m'mbuna yomweyo ulendo wawo woyamba, kungoti iwo sanadikire. Anakagogoda mphika kukhitchini n'kufunsa gogo wa panyumbapo ngati mawotchi a ku Chile anafa. Ndinawapempha kuti anditengereko kabuledi kuchipinda, poti ndinali ndi manyazi kuonekera anthu atandiona ndikudikira mphepo.

"Ayi, mamita. Mawondo anga ndi akufa, ako ndi amoyo. Pakamwanso uli napo. Nyamula mwalawu, tiye."

Mwalawo anachoka nawo kwathu kalekale, ndipo unkakhala pansi pa bedi la chipinda chawo chaka ndi chaka. Tinakhala pabwalo, iwo akusinjirapo tomato ndi tsabola monga timachitira kwathu, mwala ukulira gu, gu, mpaka alendo ena kusuzumira pamazenera. Patebulo panali amalonda a ku Peru ndi ku Paraguay, buledi wootcha, mapeyala ophwanya ndi ketulo yaikulu. Señora Gladys ataona mbale ya tsabolayo anati wafika uja wofuna kuwotcha nyumba yake. Doña Nicasia anayankha kuti akufuna kuthandiza tiyi amene amakoma ngati madzi otsukira makapu. Mwini nyumbayo ndiye anali woyamba kupaka tsabolayo pa buledi wake.

Buledi wanga anatha msanga. Dengu linali patali, pafupi ndi señora Gladys. Ndinayang'ana Doña Nicasia, iwo n'kuyang'ana kudenga ngati kuli nkhani.

"Señora," ndinatero, "kwathu wogula amapatsidwa basela. Ine ndaphonya once kawiri."

Tebulo lonse linaseka, koma sikunali kuseka konyoza. Señora Gladys anandikankhira dengu lonse, akuti ankandiona nditakhala phee patebulo m'mawa n'kumayesa ndikupemphera, ndiye sankafuna kundisokoneza.

Tikumwa kapu yachiwiri, Doña Nicasia analengeza kuti umenewu unali ulendo wawo womaliza. Mwana wawo wamkazi ankawaitana ku Cochabamba, kofunda, kuti mawondo akapume. Mayi wina wa ku Peru nthawi yomweyo anayamba kuyamikira mtengo wa mandimu uja, ndipo ndinaona kuti chipinda cha kuseri chili ndi ochifuna. Ndinkayembekeza kuti Doña Nicasia andilankhulira. Iwo anangopitiriza kuviika buledi mu tiyi.

M'mawa ndinalowa ndekha kukhitchini. Ndinauza señora Gladys kuti ndizibwera kawirikawiri, ndipo ndikufuna chipinda cha kuseri. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, kenako anafunsa ngati ndimatha kusinja tsabola uja. Ndinati ndinayamba kusinja ndisanayambe sukulu. Anati ndiye palibe nkhani, bola mbaleyo isamasowe patebulo ndikakhalapo.

Tsiku limenelo ndinalawirira koodera mimba ili yokhuta. Ndinagwira mabulangete limodzi limodzi, ndinakana opepuka, ndipo pomanga mitolo ndinapemphanso basela. Wogulitsayo anang'ung'udza, koma anaponyamo timabulangete tiwiri ta makanda.

Benchi ndikadali nayo. Alamu anabwera tsiku limene ndinayala katundu watsopano, anasisita bulangete lina nthawi yaitali, mapeto ake anagula. Masiku ano ndikaona mayi wachilendo pamalire atakumbatira nsalu ya chakudya, ndimapita pafupi n'kumuuza, ngakhale mawu anga ndi aang'ono, kuti amasule tidye. Za leveni ndimamuuza tisanafike.

Doña Nicasia tinasiyana nawo padepoti ku Oruro pobwera ulendo umenewo, ndipo sindinawaonenso. Mdzukulu wawo wamkulu anali atabwera ndi galimoto kudzawatenga. Atakhala kale pampando, anatsitsa galasi n'kundikodola.

"Mwala ndausiya pansi pa bedi, cha kumutu. Usamausinje monyengerera ngati wakuba, uzigunda amve nyumba yonse. Wina akadandaula phokoso, um'patse alawe."