Makala a Muwanga

Chaka chimene mwamuna wanga anamwalira, ana onse ali kutali kuntchito, ndinatsala ndekha m'nyumba yathu ya ku Lulimile, ine ndi mbaula. Kuzizira kwa ku Lichinga sikuseka ndi munthu, ndiye makala ndinawaphunzira ngati mwana wasukulu.

A msuku ndi opepuka, amagwira msanga, koma nyemba zisanafewe atha kale, latsala phulusa lokhalokha. A mombo ndi apakatikati, sindiwanenera zoipa. Koma a muwanga! Ndi olemera, ukagogoda awiri amalira ngati chitsulo. Amavuta kuyatsa, mkono umachita kutopa ndi kukupiza, koma ukawakwirira ndi phulusa madzulo, m'mawa umawapeza akadali ofiira.

Chifukwa cha muwangawo, vizinya wanga, mayi woyandikana nane nyumba, wochokera ku Meponda, amene mwamuna wake ankagulitsa usipa, ankabwera m'mawa uliwonse kudzapala moto. Ankafika ndi kachidutswa ka lata, atafunda kapulana mpaka kumutu.

"Bondiya, mama. Moto ulipo?"

Ankakhala pansi n'kumawotha, tikucheza za mvula ndi za apongozi ake ovuta. Masiku ambiri mawu amenewo ndi okhawo amene ndinkalankhula ndi munthu mpaka dzuwa kulowa.

Koma ine pakamwa sipakhala chete. Ndinali mphunzitsi zaka zambiri, ndipo ndikaona munthu akulakwitsa thupi limandiyabwa. Mayiyo ankagula makala opepuka, n'chifukwa chake moto wake sunkafika m'mawa. Tsiku lina ndinapita naye kwa ogulitsa makala apanjinga n'kumuonetsa: nyamula, gogoda, mvetsera, thyola uone ngati m'kati mukunyezimira. Anagula thumba la muwanga, ine n'kubwerako ndikudzitama.

Mawa lake sanabwere. Mkuja wakenso ayi. Ndinkangomva mapoto ake akulira kuseri kwa mpanda, ine nditakhala ndi moto wanga wabwinowo wopanda woupala. Ndinasungulumwa kwambiri, ndipo ndinadzikwiyira.

Patatha sabata ndinachita zamanyazi, nkhalamba yonse ine. Ndinathira madzi pambaula yanga, n'kutola phale, ulendo kwa iye.

"Odi, vizinya! Wanga wazima lero."

Ndinamupeza akukanda ufa wa mandasi, manja ali mbuu. Anaseka, n'kundipalira makala atatu ali chiimire. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bokosi la machesi latsopano.

"Tengani, mama, musunge konko. Ndi miyendo yanuyo, musamavutike kubwera kuno m'mawa kukuzizira."

Ndinathokoza, n'kubwerera kwanga.