Anti Leinani Akana Kutsika Pakhoma

Moto umene unapsereza tauni ya pachilumba ya Lahaina utazima, Leinani Kapahu anatsala ndi diresi limodzi ndi patapata wobwereka. Nyumba yake inapsa. Nayo nyumba yakale ya misonkhano, imene anaisesa zaka makumi awiri chilepherereni mayeso kusukulu, inangotsala khoma limodzi la miyala ya m'nyanja, lakuda bii.

Kwa sabata zambiri ankangogona kwa mng'ono wake, chakudya osachifuna. Tsiku lina anamva kuti ochotsa zinyalala afika mumsewu wa nyumba ya misonkhanoyo. Anadzuka.

Anapeza chigalimoto chogumulira chitalunjika khoma lija. Woyendetsa anali Kaipo, mwana wa mchimwene wake. Leinani anakwera pakhomapo n'kukhala phee.

"Anti, tsikani! Mundichotsetsa ntchito!"

"Iwe, matewera ako ndinkachapa ndine. Zimitsa chinthucho."

"Komatu izi ndi zinyalala, Anti."

"Zinyalala ndi tindevu takoto. Miyala iyi makolo athu anaisenza pamapewa kuchokera kunyanja!"

Kaipo anaseka mpaka anazimitsa injini.

Woyang'anira ntchito anati mapepala onse a nyumbayo anapsa, ndipo palibe akudziwa mmene inalili. Anapatsa Leinani sabata imodzi kuti asonyeze mmene inalili, apo ayi khomalo ligwetsedwa.

Leinani anang'amba katoni n'kujambula chitseko, mawindo asanu, ngakhale mwala wosweka wa pakhomo umene unkapunthwitsa akwati. Anayenda banja ndi banja kupempha zithunzi za maukwati amene anachitikira m'nyumbayo. Ambiri zawo zinali zitapsa, koma abale a kuzilumba zina anatumiza. Azimayi anabwera ndi ndowa, asodzi ndi mawilibala, n'kumatola miyala paphulusa ndi kuitsuka umodziumodzi.

Katswiri wina wa zomangamanga atabwera kuchokera mumzinda wa Honolulu anayeza maziko, anayang'ana katoni, anayezanso.

"Anti, zojambula nyumba munaphunzira kuti?"

"Kutsache, mwanawe."

Khomalo silinagwetsedwe, ndipo Leinani anasankhidwa kutsogolera omanga. Makoma anayi ataima, anthu sanadikire denga. Anabwera ndi nsomba, phala lakwawo lotchedwa poi ndi magitala, naimba mpaka mvula inawapeza momwemo. Palibe anathawa. Leinani ankavina atanyowa chonchobe, akulira ndi kuseka.

Nyumba yakeyake sanamangebe. Koma m'mawa uliwonse amadzuka ali ndi kopita.

Inu amene mukuona ngati zonse zatha, yang'anitsitsani: chilipo chatsala. Chigwireni ndi manja awiri. Osataya mtima!