Tambala Wosalira wa ku Kanakantapa

Ndinanyamuka ku Lusaka Loweruka m'mamawa, chikwama chitadzaza ndi zithunzi za nkhuku. Ku Kanakantapa kunali gulu la alimi a ndiwo zamasamba ofuna Chingerezi choti azikambirana mitengo ndi ogula a m'mahotela. Mphunzitsi woyamba anawathawa, akuti miyezi yonseyo palibe anatsegulako pakamwa. Amai Njobvu, wapampando wa gululo, anandiuza pafoni mosapita m'mbali: "Ba ticha, lelo bakankhala chabe zii, kalasi titseka."

Ine ndinali ndi mankhwala anga. Ndili mwana ndinkamva azakhali anga ku Bundabunda akuimba posinja: "Tambala wanga, kwacha sulira, anzako alira, iwe uli gone." Ndinati basi, nyimbo ndi yakwathu, mawu ndi ochepa, ndipo nkhuku palibe saidziwa. Ndinaimasulira m'Chingerezi ndikudziyamikira ndekha nzeru.

Kondakitala wa minibasi ya ku Chongwe analandira makwacha makumi anayi, nalumbira kuti tinyamuka "manje manje". Manje manje wakeyo anatiwotcha ndi dzuwa mpaka mpando womaliza utapeza mwini.

Titapitirira Chelston ndi mphambano ya ku bwalo la ndege, ndinayamba kuyeserera nyimbo yanga chapansipansi. Mayi wina amene anakhala pambali panga, thumba la kapenta lili pamiyendo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwana wanga, unakwatiwa?"

"Iyayi, amai."

"Manje iyi nyimbo uyimbila ndani?"

"Niyenda kuphunzisa nayo Chizungu."

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Potsika pa mapuloti atsopano a nyumba zopanda madenga, anandigwira phewa: "Uyende bwino, ticha. Koma ukaimilile pafupi na chiseko." Ndinangoti nkhalamba zina n'zoseketsa.

Pa Chongwe ndinagula vitumbuwa viwiri ndi kabotolo ka chibwantu, kenako ndinalowa m'kagalimoto kakang'ono kopita ku Kanakantapa. Kumbuyo tinathinana anayi, wachisanu anali mpope wothirira dimba. Msewu wafumbi unatigwedeza mpaka chibwantu chinayamba kudandaula m'mimba. Uku ndi uku kunali minda ya repu ndi tomato, ndipo ndinafika tsitsi litafiira ndi fumbi.

Kalasi inali m'tchalitchi chaching'ono. Amayi anadzaza mabenchi akumbuyo, abambo ochepa anakhala kutsogolo. Pakati pawo panali Ba Zulu, bambo wonenepa wovala jekete pa kutentha konseko. Akazi awo, Amake Dalitso, anali kumbuyo kwenikweni atazolika. Ndinapereka moni wa Chingerezi. Kunali zii. Komatu ntchitoyi ndinkaifuna.

Ndiye ndinayambitsa nyimbo. Amayi anayang'anana. Amai Njobvu anagwira pakamwa. Kenako wina kumbuyo anaipolokoza, akuomba m'manja ngati munsi ukugwa mumtondo, ndipo onse analowerera mwamphamvu. Abambo okha ndi amene anayamba kuwerenga malata a padenga. Ine osaona kanthu, ndinati zatheka. Tinabwereza m'Chingerezi, ndipo ndinakweza chithunzi cha tambala n'kufunsa kuti aloze: "Where is the rooster?"

Amake Dalitso anaimirira. Chithunzi sanachiyang'ane n'komwe. Analoza amuna awo.

"Teacher, the rooster is there. He is sleeping every day."

Tchalitchi chinaphulika ndi phwete ndi nthungululu. Amai Njobvu anandikokera pambali n'kunong'ona: "Ba ticha, iyo si nyimbo ya nkhuku. Ni ya pa mtondo, mukazi akafuna kuzuzula mwamuna waulesi wamene sauka kuyenda kumunda. Na vinangu vamene simungazibe, simunakwatiwe."

Ndinachita manyazi oopsa. Ndinaona ndaphwanya kalasi ndi banja la eni tsiku limodzi, ndiponso ndinayamba kuganiza za malemu amalume anga, amuna a azakhali aja, mwa mtundu wina.

Ba Zulu anadzuka pang'onopang'ono, nakonza jekete. Ndinadziwa kuti akatuluka, abambo onse atuluka nawo.

"Ba ticha," anatero, "kulema mu Chizungu ni chani?"

"Tired."

Anatembenukira kumbuyo, nagwira pachifuwa: "Madam, the rooster is tired. The garden is very big."

Pamenepo aliyense anafuna mawu akeake. Wina anafunsa ulesi, wina bodza, wina nsanje, ndipo choko chinanditha m'manja. Dzuwa litapendeka, Amai Njobvu anandiperekeza kumsewu atandinyamulira mtolo wa repu, n'kundiitanira Loweruka lotsatira.

"Pa Chibelu mubwele futi. Nyimbo ina mubwelese, koma muyambe mwanifunsa ine."

M'kagalimoto kobwerera ndinaseka ndekha. Ndinapita kukaphunzitsa anthu chikhalidwe chawo, ine osadziwa ngakhale chimene azakhali anga ankauza mudzi wonse m'mawa uliwonse. Anthuwa sanali osalankhula. Palibe anali atawapatsa nkhani yoti akanganirane.