Kasinja wa Mateyu m'munda wa thonje

Ndikamva fungo la utomoni ukuwira m'chitini, mtima umabwerera ku Ngokwe, pakhonde pa a Kopolo, bambo oyandikana nafe amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya Ajeremani. Ankayendetsa galimoto ya asilikali m'chipululu cha Aigupto, ndipo kumeneko anaona akasinja a adani atapserera m'mbali mwa msewu. Atabwerera kumudzi ankawaumba ndi dongo, aang'ono ngati chikhatho, n'kuwapaka utoto monga momwe anawaonera.

Utotowo ankapanga okha ndi dothi lachikasu la kumtsinje, phulusa ndi masamba a nyemba osinja, zonse zosakaniza ndi utomoni. Anali ndi burashi imodzi yokha, ya ubweya wofewa, imene anabwera nayo kunkhondo. Ine ndi mng'ono wanga Mateyu tinkapaka ndi timitengo totafuna kunsonga, maso ali pa burashiyo.

"Mjeremani sankapaka kuti akongole, iyayi," ankatero. "Pansi mtundu wa mchenga. Pamwamba mawanga otuwa, obiriwira pang'ono, osalingana. Kamtanda kakuda m'mbali, basi."

Tsiku lina, thonje litatha kukololedwa, anatiitana. "Aliyense apake wake. Ndikawaika m'munda. Amene wake asapezeke, burashi ndi yake."

Wamkulu ndinali ine, ndipo ndinkadziwa kuti dzanja langa silinjenjemera. Ndinapempha buluu wochapira zovala kwa amayi, ndinatapa njereza pang'ono, n'kujambula mizere yowongoka bwino. Mateyu anangothimbiriza wake mpaka anaoneka ngati chibuma. Ndinamuseka.

A Kopolo anakabisa onse awiri, naitana ana a m'mudzi kuti asake. Wanga anamuona asanalowe n'komwe m'munda. Wa Mateyu anamusaka mpaka anatopa.

"Wakoyu ndi wokongola, Yohane," anatero a Kopolo akumutembenuza m'manja, "koma anthu a m'katimu afa onse kadzutsa asanadye."

Ana anaseka. Burashi inapita kwa Mateyu, ndipo iye ankayenda nayo ataitsomeka kukhutu, ngakhale popita kutchalitchi. Pamene tinkawerengeredwa za m'bale uja amene nsembe yake sinalandiridwe, nkhope yake n'kugwa, ndinkadziwa kuti akunena ine, komabe mtima sunafewe.

Kasinja wa Mateyu a Kopolo anamusiya m'munda momwemo, akuti aone ngati wina adzamupeze. Lolemba masana ndinatola mwala n'kupita kukamuphwanya. Ndinayenda mzere ndi mzere, dzuwa likuwotcha, mitengo youma ya thonje ikundikanda miyendo, chibuma chilichonse ndikuchitembenuza ndi phazi. Sindinamupeze. Nditadzutsa mutu ndinaona a Kopolo ataima kumapeto kwa munda, khasu lili paphewa.

"Mwalawo ndi wa mbewa?"

Ndinaubisa kumbuyo.

"Wamudumpha kawiri," anatero. "Amene ankawasaka ndi ndege ankawadumphanso chonchi. Taya mwalawo, ukatunge madzi."

Sanauze bambo, sanauze Mateyu. Nthawi yotentha mitengo ya thonje itafika, kasinjayo anapezeka m'phulusa, utoto wonse utapita, dongo litapsa n'kulimba ngati mphika. Mateyu anandipatsa, akuti iye aumba wina. Kupatsa kwakeko kunandipweteka kuposa kuseka kwa ana aja.

Mateyu anadzakhala wolemba zikwangwani za masitolo ku Balaka, ndipo sindinama pamaso pa Mulungu: ndikadutsa pansi pa zilembo zake, kanthu kanali kundibayabe m'chifuwa, ndili bambo wa ana asanu. Iye anatsogola, a Kopolo anatsogola kale. Kasinja uja ali pazenera langa. Ndikagwada m'mawa ndimamuona, ndipo ndimathokoza Ambuye kuti tsiku lija dzanja linali lokonzeka, mwala unalipo, koma anandibisira choti ndiphwanye.