Ati Saulos Anasempha Ana Ake

Saulos Nthanda ndi mchimwene wanga, ndipo nkhani yake imandiwawa mpaka lero. Anachoka kwathu ku Santhe kukakhala pachikamwini ku Njombwa, kwawo kwa mkazi wake Liness. Anali mlimi wa fodya weniweni: nazale yake inkayamba kubiriwira anzake akadali m'tulo, chigafa chake chosadontha, manja ali bii ndi utomoni wa masamba. Mowa ayi, akazi ayi. Tinkamuseka kuti chibwenzi chake ndi khasu.

Mwana wawo woyamba, Steven, analandira katemera yense. Koma asanayambe n'kuyenda komwe, zinayambika: chibayo, mafinya m'makutu, kutsegula m'mimba, chibayo kachiwiri. Makolo onse anakayezetsa kachilombo, sanawapeze nako. Steven anamwalira ali ndi zaka zitatu. Kunabwera mtsikana, Miriam, wojintcha, wosadziwa ndi chimfine chomwe. Kenako kunabadwa mnyamata wina, Fundo, ndipo anayamba kudwala ndendende ngati mkulu wake.

Apa m'pamene a Amosi, malume ake a Liness, anadziyesa ozindikira. Kuno anthu amati bambo akagona ndi mkazi wina mwana akadali wakhanda, mwanayo amadwala tsempho.

"Akamwini, mukapita kokagulitsa fodya mumagona kuti?" anafunsa pagulu. "Mukutithera ana. Ululani, tipeze mankhwala."

"Ndiulule chiyani, malume? Ine ndimagona pa mabelo."

Anamuthamangitsa fodya ali m'chigafa. Ngakhale Liness sanamuikire kumbuyo. Saulos anafika kwathu ndi njinga ndi kachikwama. Sankadandaula za fodyayo, ankangofunsa aliyense wochokera ku Njombwa ngati Fundo akutsokomolabe.

Patapita chaka, mwanayo anatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko anapeza kuti thupi lake silipanga asilikali olimbana ndi matenda, ngakhale alandire katemera kangati. Dokotala anafunsa Liness ngati kwawo kunafapo ana aamuna ali aang'ono. Analipo: alongo ake awiri, komanso mng'ono wawo wa a Amosi omwewo. Dokotalayo anafotokoza kuti vutoli ndi lakumtundu, limadutsa mwa amayi n'kumagwira ana aamuna.

Mukuganiza kuti a Amosi anabwera kudzapepesa? Kuti! Anangotuma mawu kuti mkamwini abwerere, poti mwana akufunika womuperekeza mwezi ndi mwezi kukalandira diripi ya asilikaliwo, ndiponso munda wagonera. Ine ndinamuletsa mpaka kulira. Iye anapopa njinga yake n'kupita.

Palibe amene anaimiriranso pagulu kuti atsuke dzina lake. Mwezi watha Saulos anandiuza zimene zinachitika akupita kokwerera basi, Fundo ali pakaliyala, atamugwira m'chiuno. Mwanayo anamukoka malaya.

"Ababa, agogo a Amosi ankati ndinu munkandidwalitsa. Pano munasiya?"

Saulos akuti anangoyankha kuti, "Eya, ndinasiya," n'kupitiriza kupalasa.